Mchenga wa Kumtunda, Mchenga wa Kumunsi

Liverpool, 22 Januwale 2006

Amake Tiya,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mwanayo. Ine ndili bwino, kupatula chimfine chimene chinabwera kudzacheza pa Khirisimasi ndipo mpaka lero sichinatsanzike. Mvula kuno ikugwa tsiku ndi tsiku, koma sindinaonepo munthu atadzala kanthu, ndiye sindidziwa kuti ikugwera ndani.

Ndabwerera ku makalata chifukwa khadi la foni limatha tikungofunsana kuti "mukundimva?" Munadandaula kuti aphunzitsi anzanu akakufunsani za ntchito yanga mumangoti "ali pa yunivesite." Pitirizani, ndi yankho labwino. Koma inuyo ndikuuzani zoona. Mwamuna wanu uja munamuperekeza ku Chileka ndi minibasi yodzaza abale, amene lero ali ndi madigiri awiri a za miyala, amasefa mchenga.

Bwana wanga ndi pulofesa wa imvi mbuu, dzina lake Percy. Amafuna ndiziwatchula Percy basi, ngati tinkadyetsa mbuzi limodzi, koma lilime langa limakana. Chaka chatha anapita ku chipululu cha ku Namibia, kuchigwa china chouma kumene mtsinje umayenda kamodzi pa zaka zingapo. Anakatapa mchenga malo khumi ndi awiri kumtunda, kumene chigwacho chimayambira m'mapiri, ndi malo khumi ndi awiri kumunsi, kumene chimathera. Mchengawo unakwera ndege n'kulowa m'dziko muno popanda woufunsa viza.

Ine ndimauyanika mu uvuni, n'kuuthira m'masefa asanu ndi atatu osanjikizana, a mabowo aakulu pamwamba, a mabowo aang'ono pansi. Makina amagwedeza masefawo mphindi khumi ndi zisanu, kenako ndimayeza pa sikelo zotsalira m'masefamo. Ndikatero ndimakhala pa maikulosikopu kuwerenga timchenga mazana atatu, kamodzikamodzi. Pali toyera ngati galasi timene timati kwatsi, totuwa mofiirira timene timati felesipa, tonyezimira tija timakumatirani m'miyendo mukamachoka kumtsinje, ndi takuda tothamangira maginito. Felesipa ndi wofooka, amaphwanyika pa ulendo. Kwatsi ndi nkhutukumve, amafika. Ndiye mchenga wa kumtunda umayenera kukhala wokhakhala, wamakonamakona, wodzaza felesipa, ndipo wa kumunsi wosalala, wa kwatsi. Amayi otapa mchenga ku Likangala amadziwa zimenezi osalipira fizi.

Ndikuuzeni kena kake kuti mudziwe kuti munakwatiwa ndi munthu woleredwa. Lachisanu la sabata yatha kunabwera alendo, akuluakulu a bungwe limene limalipira kafukufukuyu. Mchenga unali m'mathireyi pa mashelefu awiri, wa kumtunda kumanzere, wa kumunsi kumanja. A Percy, uku akulankhula ndi manja monga mwa chizolowezi chawo, anamata timapepala mosemphanitsa, kolembedwa "kumunsi" kumanzere, kolembedwa "kumtunda" kumanja. Ndinaona. Koma munthu wamkulu sumuwongola pamaso pa alendo ake, ndiye ndinasunga pakamwa. Lolemba ndinalawirira, ndinamatula timapepalato ndi mpeni n'kutisinthanitsa, popanda wodziwa. Mkuluyo mpaka lero sadziwa kuti anapunthwa. Mukawauze amayi kuti mwambo wawo ukugwira ntchito ngakhale kuno.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa a Constance, nesi wa kutchalitchi kwathu kuno, amene akubwera kumaliro ku Ntcheu. Gulani chimanga ngakhale chakwera, ndi nsapato za Tiya, zokulirapo pang'ono. Chitupa changa chogwirira ntchito chikutha pa 31 Okutobala, koma izo tidzakamba tsiku lina.

Wanu wosefa,
Sydney


Liverpool, 5 Malichi 2006

Amake Tiya,

Moni kuchokera kozizira kuno. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti malungo a Tiya anatha. Chimfine changa chinasamukira kwa mwini nyumba, ndipo sindikumumvera chisoni chifukwa wakweza lendi.

Mwalemba kuti mukanadziwa kuti ndimakonda kusefa mukanandipatsa ufa ndili komweko. Mawu amenewo ndawasunga.

Tsono mverani izi. Ndatsiriza mathireyi onse, ndipo chigwa cha a Percy chili chagada. Mchenga wa kumtunda, umene umayenera kukhala wokhakhala, ukudutsa masefa asanu ngati ufa woyera. Pa maikulosikopu ndi kwatsi yekhayekha, wobulungira bwino ngati mazira a nsomba. Wa kumunsi ukutsakamira m'masefa a pamwamba, wamakonamakona, felesipa mbwee, ngati waswedwa dzulo pathanthwe. Ndinabwereza kawiri poganiza kuti sikelo yaledzera. Zinatuluka zomwezo.

Nditawaonetsa a Percy anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anati, "Sydney, mtsinje suchita zimenezi."

Ndinati, "Mwina uwu sunapite kusukulu."

Sanaseke. Mzungu akapanda kuseka nthabwala yako ndiye kuti yamupitirira, apo ayi waona ndalama. Anatambasula mapu n'kuyamba kuzungulira m'chipindamo ngati nkhuku yofuna poikira. Akuti mwina mphepo ikuthira mchenga wosalala wa m'chipululu kumutu kwa chigwacho, ndipo kumunsi kuli thanthwe lokwiririka limene mtsinje umalikukuta ukasefukira. Ngati zili choncho, mabuku atatu a pa shelefu yawo ndi olakwa, ndipo limodzi analemba mdani wawo. Ichi chomalizachi ndiye chawasangalatsa kwambiri.

Tsopano ndine munthu. Kapu yanga ya tiyi yakwezedwa, ili pa shelefu ya madokotala a za miyala. Mayi wina wa chipinda choyandikana, amene kwa miyezi isanu ankandisiyira zinyalala zake pakhomo poyesa kuti ndine wosesa, wandifunsa maganizo anga pa za mphepo za ku Namibia. Ndinamuuza kuti zimawomba.

Komabe mtima sukukhazikika. Ndikakwera basi m'mawa ndimapezeka ndikuwerenga miyezi pa zala, ndipo nthawi zonse zala zimatsala. Lucius, uja tinkagona chipinda chimodzi ku koleji, anaimba kuchokera ku Rotherham. Akugwira ntchito kunyumba yosungira okalamba, digiri yake ya zachuma ili mu sutikesi. Akuti ndikasowa kolowera malo alipo. Ndamuuza kuti andidikire ndithane kaye ndi mchenga.

Denga la khitchini musadikire ine, itanani mmisiri mvula isanagwetse khoma. Koma musamulole agwiritse mchenga wa kudambo. Finyani wonyowa m'manja, ukasiya matope m'chikhatho mubwezeni. Pa chimenechi chokha ndimvereni, ndi chimene ndinaphunzira.

Wanu,
Sydney


Liverpool, 23 Epulo 2006

Amake Tiya,

Ndikhulupirira kuti Pasaka munadya bwino ndipo nonse muli amphamvu. Ine ndili bwino kwambiri. Ngati mukuwerenga mutaimirira, khalani pansi.

Bungwe lija lavomera kulipira zaka zitatu kuti tifufuze chifukwa chake chigwachi chili chagada. Pali malo a wophunzira mmodzi wa digiri ya udokotala wa za miyala, ndipo a Percy ati malowo ndi anga. Mapepala tidzasaina pofika Ogasiti, kuyamba mu Okutobala, chitupa chakalecho chisanathe. Ndipo wophunzira wotere amaloledwa kuitana mkazi ndi mwana. Ndinafunsa kawiri ku ofesi, kwa anthu awiri osiyana, tsiku losiyana, chifukwa nkhani yabwino kuno ndimaikayikira ngati nyama yotsika mtengo.

Ndinasiya Tiya ali ndi zaka zinayi. Pa foni pano amandipatsa moni waulemu ngati ndine wansembe. Ndikufuna azindichitira mwano pafupi.

Yambani za mapasipoti msanga. Ku ofesi ya ku Blantyre pitani m'mamawa, mutenge kamba ndi kuleza mtima. Chikalata cha ukwati wathu chili mu envulopu ya khaki ija pansi pa zikalata za poloti, ngati mbewa sizinatisudzule. Chachikulu ndi ichi: sukulu yanu imafuna munthu anene teremu yathunthu asanachoke. Ndiye perekani kalata yosiya ntchito teremu ikangotsegulidwa, kuti pofika Ogasiti mukhale omasuka. Ndikudziwa kuti mwaphunzitsa pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi ndipo ana a Fomu 4 mumawatenga ngati anu. Ndikupemphani chinthu chachikulu, sindikukana. Koma a hedi adzapeza wina wowathandiza kulondera bokosi la choko.

Dzulo ndinakaona kanyumba ka zipinda ziwiri pafupi ndi pokwerera basi. Kuseri kuli kabwalo kokwana kuyanikapo malaya atatu, ndipo mwini wake amakatcha munda. A Constance ati mukafika adzakuonetsani sitolo ya Mzambiya wina yogulitsa ufa ndi kapenta, komanso kogula majekete a kaunjika. Kaunjika alipo kunonso, Amake Tiya, kungoti amamupachika pa hang'ala.

Abale musawauze kaye. Mwezi wamawa a Percy akufuna tikafotokoze zimene tapezazi pamsonkhano ku Salford. Ndagula tayi.

Wanu amene sakukhala pansi,
Sydney


Liverpool, 21 Meyi 2006

Amake Tiya,

Ndikhulupirira kuti muli bwino. Ine thupi lili bwino.

Ngati kalata yosiya ntchito ija simunapereke, isungeni kaye m'kabati. Ndaimba katatu sabata ino, foni yanu sikupezeka. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndikudalira kuzengereza kwanu.

Lachinayi tinali ku Salford. M'chipindamo munali anthu makumi anayi amene moyo wawo wonse ndi mchenga, ndipo amaoneka choncho. A Percy anaonetsa zithunzi pakhoma, dzina langa lili pamenepo zilembo zikuluzikulu, atalilemba molondola. Pa nthawi ya mafunso kunaimirira mayi wina wochepa thupi, mawu ngati lumo. Ndinamva pambuyo pake kuti ndi yemwe uja analemba buku. Anati, "Percy, usanagwetse mabuku a anthu, watsimikiza kuti sunasemphanitse mchengawo?"

Anthu anaseka, a Percy kuposa onse. Anati, "Ndinasemphanitsadi. Tsiku lina kutabwera alendo ndinamata timapepala molakwika. Ndinadzakumbukira Loweruka m'mawa ndili m'bafa, ndinathamangira ku labu. Timapepalato tinali titagwira kwambiri, ndiye ndinangonyamula mathireyi onse makumi awiri ndi anayi, a kumanzere kupita kumanja, a kumanja kupita kumanzere. Msana ukundipwetekabe. Ndiye pa zimenezo mtima pansi, ndinakonza ndi manja angawa. Funso lanzeru lilipo?"

Anaomba m'manja. Inenso ndinaomba nawo, chifukwa manja anga nawonso analeredwa bwino.

Mukukumbukira zimene ndinachita Lolemba lake lija? Mkuluyo anali atakonza kale Loweruka. Ine ndinafika ndi mpeni wanga ndi ulemu wanga n'kusokonezanso. Mchenga umene takhala tikuutcha wa kumtunda ndi wa kumunsi, ndipo umene tikuutcha wa kumunsi ndi wa kumtunda. Kulibe mphepo yodabwitsa, kulibe thanthwe lokwiririka. Chigwacho chili bwinobwino. Zaka zitatu zija, kanyumba kaja, ulendo wanu ndi Tiya, zonsezo zaima pa timapepala tiwiri timene ndinasinthanitsa ndekha. Akudziwa ndine, ndipo tsopano ndi inu.

M'sitima pobwerera a Percy anagula masangweji awiri n'kundipatsa yaikuluyo. Anandifunsa ngati mwana wanga amakonda agalu, chifukwa galu wawo waswa ndipo akufuna kusungira Tiya kagalu kamodzi. Ndinati amakonda.

Sindinaganize chochita. Musauze munthu. Tayi ija ndaivula.

Sydney


Rotherham, 18 Juni 2006

Amake Tiya,

Moni. Ndikhulupirira kuti chisanu cha Juni sichikukuvutani, ndipo Tiya akuvala juzi. Ine ndikudya, ndikuyenda.

Makalata athu anaphonyana panjira. Yanu ya pa 12 Meyi inafika yanga itanyamuka kale. Mwati kalata munapereka tsiku lotsegulira lenilenilo, a hedi apeza kale wolowa m'malo mwanu, ndipo aphunzitsi akukonza phwando lotsanzikana. Tsiku limodzi lokha limene ndinafuna muzengereze ndi limene munachita changu. Titalankhulana pa foni munangoti "ndamva." Zaka zisanu ndi zitatu za ukwati, "ndamva" wanu ameneyo ndimamudziwa.

Ndabwera kwa Lucius kudzapuma masiku awiri. Tauni yonse ili mbendera zokhazokha, pa magalimoto, pa mawindo, ngakhale pa agalu, chifukwa cha mpira wa dziko lonse. Akukhulupirira kuti atenga chikho. Ndiye si ine ndekha m'dziko muno amene ndikukhala pa chiyembekezo chabodza.

Ndinamuuza Lucius zonse uku akusita yunifolomu. Sanaleke n'kusita komwe.

Anati, "Aise, wapha munthu?"

Ndinati ayi.

"Waba?"

"Ayi."

"Ndiye ukuonderanji? Mchengawo ukakusumira kukhoti?"

Ndinati, "Mkuluyo akufuna kulemba zimenezi m'buku."

Anati, "Anthu awa alemba zabodza za ife zaka zana lathunthu. Iwe bodza limodzi la mchenga ukunjenjemera? Ukudziwa ntchito yanga ine? Ndimasambitsa agogo a eni ake asanu ndi atatu ndisanamwe tiyi. Mmodzi amanditchula dzina la galu wake amene anafa, ndipo ndimavomera. Iwe akukupatsa zaka zitatu ndi mkazi wako, ukufuna ukabweze chifukwa cha kapepala? Saina kaye, bulutu iwe. Alamu afike, mwana alowe sukulu. Pakatha chaka udzapeze cholakwikacho ngati wangochitulukira kumene. Adzakuombera m'manja kachiwiri."

Ndinaseka, chifukwa Lucius akamalangiza zoipa amamveka ngati mlaliki wa pa wailesi. Koma ndikanama nditati mawu akewo sanalowe. Alowa, ndipo apeza mpando.

Musaganize kuti sindinayese. Sabata yatha ndinalowa mu ofesi ya a Percy kuti ndiwauze mwachikwathu. Ndinafunsa za msana, ndinafunsa za agalu. Kenako ndinati kwathu kunali munthu wina amene anaona mnzake akumanga mbuzi pafupi ndi dimba la eni, ndipo m'mawa mwake anakaisuntha mwakachetechete, osadziwa kuti mwini wake anali ataisuntha kale, mwakuti anaibwezera kudimba komwe kuja. Munthu wa kwathu akanagwira pakamwa ndisanafike pakati. A Percy anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Nkhani yabwino. Ku Namibia kulinso mbuzi zambiri." Kenako anandipatsa mafomu oti ndilembe saizi ya nsapato zanga. Chaka chamawa akufuna tipite kuchigwako ndi makina okumba, tikafune thanthwe limene kulibe. Wonyamula fosholo ndidzakhala ine.

Ndiuzeni maganizo anu. Ntchito imene yatayika ndi yanu, si yanga. Mukati ndisaine, ndisaina.

Ndatumiza kochepa mwezi uno, basi ya kuno yadya gawo lake.

Wanu,
Sydney


Liverpool, 6 Ogasiti 2006

Amake Tiya,

Pepani chifukwa chokhala chete. Ndikhulupirira kuti muli moyo nonse. Kuno kwatentha mwezi wathawu moti azungu akuyenda osavala malaya, afiira ngati nkhanu zowiritsa. Ine ndili bwino.

Yankho lanu linali lalifupi: "Ulemu wanuwo munauyamba nokha, malizani nokha." Ndinalitembenuza pepalalo kuona ngati kuseri kuli zina. Kunalibe.

Mapepala osaina anafika Lolemba pa 24 Julayi. A Percy anandiitana mu ofesi, anandipatsa cholembera chawo chenicheni, chija salola munthu kuchigwira. Anali ataika timitanda ta pensulo ponse pofunika dzina langa. Ndinachigwira cholemberacho, ndinapeza kamtanda koyamba. Ndiye ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "A Percy, Lolemba lija ndinasinthanitsa timapepala." Popanda moni, popanda mbuzi.

Anati, "Lolemba liti?"

Ndinafotokoza. Kenako anati, "Lachisanu lija unandiona ndikulakwitsa?"

"Ndinakuonani."

"Bwanji sunanene pompo?"

"Panali alendo."

"Ndiye?"

Ndinayesa kuwauza kuti kwathu munthu wamkulu sachititsidwa manyazi pagulu. Anati, "Sydney, ndaima pamaso pa anthu makumi anayi n'kumunyoza mayi amene ananena zoona." Ndiye manyazi aja ndinawasungira mu Januwale sanafe, anangoswana.

Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa. "Wadziwa liti?"

"Ku Salford."

Anati, "Miyezi iwiri." Sanakweze mawu. Anangotenga cholembera chawo m'dzanja langa n'kuchibweza m'thumba. Za timapepala akanandikhululukira tsiku lomwelo, ndinaona m'maso mwawo. Miyezi iwiriyo ndi imene ikutilepheretsa kuyang'anana.

Kalata yopita ku bungwe analemba okha, ina kwa mayi uja. Sanandiponye pamoto, analemba kuti "tinasemphanitsa." Bungwe laimitsa zonse mpaka tibwereze. Mwamwayi pa malo aliwonse anatapa matumba awiri, ndipo achiwiriwo ali m'chipinda chosungira katundu, osatsegula, manambala ali pomwepo. Ndayambanso kusefa. Tsopano thumba lililonse timatsegula tili awiri, iwo amatchula nambala mokweza, ine ndimabwereza, ngati ana a Sitandade 1. A Percy akuti mwina mchenga weniweniwo ukhalabe ndi kena kachilendo koti bungwe likakomedwe nako. Akunena ngati munthu wolimbikitsa wodwala.

Mapasipoti asungeni pouma. Phwando lija ngati linachitika, musandiuze zimene analankhula.

Sydney


Liverpool, 8 Okutobala 2006

Amake Tiya,

Ndikhulupirira kuti kutentha kwa Okutobala mukupirira nako. Ine ndili bwino, ndachepa pang'ono, lamba ndaboola bowo lina.

Ntchito yatha. Mchenga wa kumtunda ndi wokhakhala, wamakonamakona, felesipa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Wa kumunsi ndi wosalala, wobulungira, kwatsi watsala yekha. Manambala ake ndi okongola, mzere wake ukutsetsereka bwino popanda pokhota. Sindinagwirepo ntchito yaukhondo chonchi. Patatha miyezi khumi, madigiri asanu ndi awiri tikaphatikiza anga ndi a Percy, tapeza kuti madzi amachokera kumtunda kupita kumunsi ndipo amaswa miyala panjira. Bungwe layankha mwaulemu kwambiri kuti zimenezi limazidziwa kale. Zaka zitatu zija palibe.

A Percy anandiitana Lachisanu n'kundipatsa kalata yondichitira umboni. Alemba kuti pa anthu onse amene agwira nawo ntchito palibe wodziwa mchenga ndi manja kuposa ine, ndipo kuti ndimanena zoona, ngakhale mochedwa. Ndinawapempha kuti achotse mawu awiri omalizawo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo nkhaniyo ndinaisiya. Tinagwirana chanza nthawi yaitali kuposa mmene azungu amachitira.

Lucius anabwera dzulo pa sitima, atakwiya ngati ndamubera. Anandiyitana mayina angapo amene sindingalembe m'kalata yopita kwa mphunzitsi. Atatopa anati ku Rotherham kuli matiresi, komanso mapepala a munthu wina amene anabwerera kumudzi, ndikhoza kumagwira ntchito pa dzina lakelo. Ndinamuuza kuti ine chinsinsi cha kapepala chinandiondetsa m'miyezi iwiri, nanga dzina la eni ndingalisenze zaka zingati? Anati, "Vuto lako ndi loti unaphunzira miyala, mutu unatengera komweko." Kenako anandipatsa nsapato zake zabwino zija kuti ndidzavale pofunafuna ntchito.

Kalata yanu yomaliza ndaiwerenga kangapo. Mwati, "Mwachita bwino, koma musayembekezere kuti ndikuthokozeni chaka chino." Ndavomera. Chaka chamawanso ngati simunakonzeke ndidikira. Mwati masana mukuphunzitsa ana asanu ndi anayi pakhonde, ndipo muli ndi chiyembekezo pa sukulu ina mu Januwale. Ntchito yanu ndinakutayitsani ndine, ndipo sindiyesa kuikometsa nkhaniyo ndi nthabwala. Ine ndiyamba ndi makampani omanga misewu, amenewo amafuna munthu wodziwa kusiyanitsa mchenga wabwino ndi matope.

Ndifika ku Chileka Lachinayi pa 26, masana. Minibasi musabwereke. Abale muwauze ndikafika, kapena adzangondiona ndikutunga madzi. Mukafuna kubwera nokha kudzandichingamira bwerani. Mukapanda kubwera sindidzafunsa chifukwa, njira ya ku Zomba ndikuikumbukira.

Chatsala chimodzi. Mwalemba kuti Tiya anauza kale kalasi lake lonse kuti Khirisimasi akadyera ku Mangalande, ndipo m'mawa uliwonse amakufunsani kuti kwatsala masiku angati. Mwati mukusowa poyambira. Musayambe. Mwanyamula zokwanira. Akafunsanso muuzeni kuti bambo ake akubwera pa 26 ndipo ali ndi nkhani yoti amuuze. Ameneyo ndimuuza ndekha, tsiku lomwelo, ndisanatsegule sutikesi.

Mwamuna wanu,
Sydney